Coax yanga ikuwulutsa ngati antena: kodi choke ndiyike pati, ndipo ya mtundu wanji?

Watsopano_pa_HF:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndakweza antena ya dipole ya band ya 40 mita (7 MHz), mbali iliyonse waya wa mamita 10 ndi pang'ono, ndipo coax, nthambo yochokera ku wailesi, ndalumikiza pakati mwachindunji, popanda balun, kachipangizo koikidwa pakati pa coax ndi antena yotere. Kumva ndikumva bwino, enanso akundimva. Koma ndikangoulutsa pa mawati 100, mausi ya kompyuta imafa, pulogalamu ya FT8, yotumizira mauthenga pa wailesi kudzera pa kompyuta, imataya wailesi, ndipo ndikagwira bokosi la tyuna (chipangizo chogwirizanitsa antena ndi wailesi) SWR, muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku antena, imasuntha. Pa SSB, poulutsa ndi mawu, maikolofoni yandiwotchapo pamlomo. Wina wandiuza kuti ndikusowa choke. Chomwe sindikumvetsa n'chakuti coax ili kale ndi shield, waya woluka wozungulira wapakati, ndipo ntchito ya shield ndi kutsekera RF, mphamvu ya mafunde a wailesi, m'kati. Nanga ikutulukira pati?

Wokonza_Mawailesi:
Achimwene, funso lanu lomalizalo ndiye mutu wa nkhani. Ndi maso mumaona mawaya awiri mu coax, wapakati ndi woluka uja. Kwa RF alipo atatu. Karenti ya frequency yokwera silowa m'kati mwa kopa, imayenda pamwamba penipeni. Pa 10 MHz imalowa pafupifupi 0.02 mm basi. Choncho mbali yam'kati ya shield ndi mbali yakunja sizionana, iliyonse imanyamula zakezake.

M'katimo zonse zili bwino. Karenti ya waya wapakati ndi ya m'kati mwa shield n'zofanana kukula, zikulowera kosiyana, ndipo zimafafanizana. Vuto limabadwira pamwamba, pomwe coax yathera. Karenti yochokera m'kati mwa shield ikafika pamenepo imapeza njira ziwiri: kulowa mu mkono wa dipole, kapena kukhota n'kutsika ndi kunja kwa shield yomweyo. Palibe choiletsa, ndipo ili ngati madzi, imatsata kotsetsereka. Imeneyi ndiyo common mode. Ikatsika imafika pa bokosi la wailesi, pa tyuna, pa nthambo ya USB, mpaka pamlomo panupo. Antena yanu panopa ili ndi mikono itatu, wachitatuwo wathera patebulo panu.

Choke ndi coax yomweyo yokulungidwa, kaya pa mphete ya ferrite (chinthu cholimba chokokedwa ndi maginito) kaya pa paipi. Za m'kati sizikhudzidwa, 50 ohm imakhalabe 50 ohm. Koma karenti yakunja ija imakumana ndi impedance yaikulu, chopinga choyezedwa m'ma ohm, ndiye imachepa.

Madala_a_CW:
Mwafotokoza bwino. Koma mwana wanga, usavutike kufunafuna ferrite. Tenga paipi ya PVC ya masentimita 10 m'mimba mwake, kulunga coax yako bwinobwino mzere umodzi, manga ndi ma cable tie, pachika pansi pa antena. Ifetu takhala tikuchita zimenezi kuyambira kale, ndipo pa antena yanga ya Yagi ya 20 mita ilipo mpaka lero. Sitentha, sisweka, sifuna chilichonse.

Mayi_wa_QRP:
Madala, pa Yagi yanu ya band imodzi sindikutsutsani. Koma achimwenewa ali ndi tyuna, kutanthauza kuti dipole imeneyi aziyendetsa pa ma band angapo, ndipo apa ndi pomwe yokulunga pa paipi imandidetsa nkhawa.

Koyilo yopanda ferrite ili ndi impedance yaikulu kwambiri pamalo amodzi, pomwe inductance yake ikuchita resonance ndi capacitance ya pakati pa zokulungazo. Pamenepo imatha kufika ma ohm masauzande ambiri. Mukatsika pang'ono pansi pa frequency imeneyo yangokhala inductor, mukakwera pamwamba yangokhala capacitor. Resistance ilibe yokwanira. Tsono kunja kwa coax nakonso kuli ndi reactance yake, malinga ndi kutalika kwa nthamboyo. Kunjako kukakhala capacitive, inu n'kuwonjezera inductor yofanana nayo kukula, ziwirizi zimafafanizana, ndipo karenti ya common mode imakwera kuposa mmene inalili musanayike chilichonse. Munthu amakhala wodekha mtima kuti wayika choke, pomwe wachita tune waya wachitatu uja.

Ferrite yoyenera imabweretsa resistance, ndipo resistance singafafanizidwe ndi reactance ya mtundu uliwonse. Kaya coax ndi yaitali motani, ma ohm amenewo amangowonjezereka pa njirayo. N'chifukwa chake ine ndimaikonda.

Madala_a_CW:
Amayi, zamveka. Yangayo ndinaikulungira 14 MHz yokha, ndipo sindinaisunthirepo ku band ina. Chimodzi chokha ndionjezere kwa amene angatsate njira yanga: musangopiringiza coax ngati mukuisunga n'kumanga tepi. Poyambira pakagundana ndi pothera, capacitance imakula, resonance imagwera komwe simukufuna. Mzere umodzi, wosakwerana.

Watsopano_pa_HF:
Zikomo kwambiri. Ndiye ndipite ku ferrite. Ndili ndi mphete zingapo zachikasu, mbali imodzi yoyera, zomwe ndinachotsa mu power supply yakale ya kompyuta. Zimenezo zingagwire?

Wokonza_Mawailesi:
Ayi achimwene, zimenezo zisiyeni. Zachikasu ndi zoyerazo kawirikawiri si ferrite, ndi ufa wa chitsulo woumbidwa, mix 26, ndipo permeability yake, muyeso wa mmene zimakulitsira maginito a koyilo, ndi 75 yokha. Yofiira ija ya T200-2, yomwe anthu ambiri amaikonda pomanga tyuna, ndi 10. Zimenezi zimapanga inductor, koma choke yokwanira ya HF, ma frequency a 3 mpaka 30 MHz, simungaipeze pamenepo, ngakhale mutakulunga mpaka bowo kudzaza.

Zomwe timagwiritsa ntchito ndi ferrite za kampani ya Fair-Rite, makamaka mix 31 ndi mix 43. Mix 31 permeability yake ndi 1500, ndipo imachita bwino kwambiri kumunsi, 160, 80 ndi 40 mita, ngakhale imafikanso kumtunda mukachepetsa zokulunga. Mix 43 ndi 800, malo ake abwino ndi 20 mita kukwera mpaka 10 mita. Palinso mix 61, ya 125, koma pa HF imakhala ndi resistance yochepa, ndiye imabwerera ku vuto lomwe Amayi anena lija. Kukula kwake, funani FT240, kutanthauza mainchesi 2.4 kunja kwake, pafupifupi 61 mm. Bowo lake limalola coax yopyapyala kudutsa kokwanira.

Chovuta n'chakuti ferrite zonse zimaoneka chimodzimodzi, zakuda mbuu, zopanda cholemba. Mukagula 31 ndi 43 tsiku limodzi, lembani nambala pa iliyonse ndi penti musanaziyike m'bokosi limodzi.

Pa 40 mita yambani ndi zokulunga 12 mpaka 14 pa FT240-31. Kuwerenga kwake: nthawi iliyonse coax ikadutsa m'bowo, ndi chimodzi.

Wa_EndFed:
Pepani ndilowerere. Tizitsulo tija totsekula pakati, timene timangopanira pa nthambo, titha kuthandiza? Ndaona ena akupanira tiwiri titatu pa coax.

Mayi_wa_QRP:
Pa VHF, ma frequency okwera kuposa HF, timathandiza. Pa 7 MHz kamodzi kamapereka ma ohm makumi ochepa, pomwe ife tikufuna masauzande. Kusiyana kwake kuli apa: mukandandalika timikanda ta ferrite pa coax, impedance imangowonjezereka kamodzikamodzi, timikanda 10 ndi kuchulukitsa ka 10. Mukakulunga pa mphete imodzi, imakwera ndi sikweya ya zokulungazo. Zokulunga 12 ndi pafupifupi kuchulukitsa ka 144, mpaka pomwe capacitance iyambire kulowerera. Walt Maxwell, W2DU, amene anafalitsa choke ya timikanda mu magazini ya QST m'chaka cha 1983, anagwiritsa ntchito timikanda 50 ta mix 73 pa coax yopyapyala ya Teflon. Onani nambalayo, 50, osati tiwiri.

Komabe kopanirako kali ndi ntchito patebulo. Achimwene a dipole aja, pezani kokhala ndi bowo lalikulu, mudutsitsemo nthambo ya USB kangapo musanakatseke. Koma chimenecho chibwere pambuyo pokonza kumwamba.

Wa_Amplifaya:
Funso lomwe palibe walifunsa: ma ohm angati ndiye okwanira? Ine ndinaphunzira kuti 500 ohm, kuchulukitsa 50 ka 10, n'zokwana.

Wokonza_Mawailesi:
Lamulo la 500 ohm ndi lakale ndithu, ndipo pa dipole yoima bwino, pa mphamvu yochepa, nthawi zina limakwana. Jim Brown, K9YC, amene wayeza ma choke ambiri n'kulemba zotsatira zake, amalimbikitsa 5000 ohm, zambiri mwa izo zikhale resistance. Poyamba nambala imeneyi imaoneka yokokomeza, koma tiyeni tiwerengere limodzi, inuyo a amplifaya makamaka.

Mawati 1500 pa 50 ohm ndi pafupifupi mavoti 274 pakati pa mikono iwiri ya dipole. Theka lake, 137, likhoza kugwera pa choke zinthu zikaipitsitsa. Kutentha ndi voteji kuchulukitsa yokha, kugawa ndi resistance. Pa 500 ohm mupeza mawati pafupifupi 37 akuthera mu mphete imodzi yotsekeredwa m'bokosi padzuwa. Pa 5000 ohm sakufika n'komwe 4. Choke yofooka ndiyo imatentha, yamphamvu imakhala yozizira chifukwa silola karenti kudutsa. Ndipo ferrite ikapitirira Curie temperature yake, kutentha komwe imataya mphamvu ya maginito, yomwe pa 31 ndi 43 ili cha kumtunda kwa 130 °C, imasiya kugwira ntchito, nthawi zina n'kung'aluka.

Pa mawati 100 ndi nkhani ina: mavoti 71, theka 35, pa 1000 ohm ndi wati imodzi ndi pang'ono. Mwiniwake wa funsoli asachite mantha ndi moto. Kwa iye phindu la ma ohm ambiri lili pa phokoso ndi pa kompyuta.

Wa_Amplifaya:
Masamuwo ndawatsatira, ndi oona. Ndionjezere kuti FT8 imaulutsa mosalekeza masekondi pafupifupi 13 pa 15 aliwonse a gawo lanu, ndiye mphete ilibe mpata wopumira ngati pa SSB. Amene amayendetsa mphamvu zambiri pa digital aunjike mphete ziwiri, ndipo bokosi likhale ndi timabowo ta mpweya pansi.

Ndi coax yomwe mukukulungayo samalani nayo. RG-8X ili ndi foam m'kati. Mukaipinda mothina n'kutenthedwa, waya wapakati amasuntha pang'onopang'ono kulowera ku shield, tsiku lina mudzangoona SWR yakwera popanda chifukwa. RG-400 ndi RG-142 zili ndi Teflon, zimapirira. RG-58 ya pulasitiki yolimba imakwana pa mawati 100. RG-213 musayese n'komwe kuikakamiza mothina pa FT240, ndi yonenepa.

Wa_EndFed:
Tsono ine langa ndi ili. Ndili ndi end fed, antena ya waya umodzi yolumikizidwa ku nsonga, ya theka la wavelength, yokhala ndi transformer ya 49:1. Nditayika choke pa bokosi penipeni, SWR inasokonekera pa ma band ena. Nditaichotsa inabwerera. Ndiye kuti choke imawononga antena yamtunduwu?

Mayi_wa_QRP:
Siinawononge, achimwene, yakuululirani mmene antena yanu imagwirira ntchito. Karenti singalowe mu waya popanda ina yobwerera. Pa end fed yobwererayo ndi yochepa chifukwa impedance ya pamenepo ndi yaikulu, cha m'ma 2450 ohm ngati titsata 49:1 ija, koma iyenera kupeza poyenda, ndipo imayenda kunja kwa coax. Coax yanu ndiyo counterpoise, njira ya karenti yobwererayo. Mwaitsekera pakhomo, transformer yasowa potsamira.

Njira zilipo ziwiri. Sunthani choke itsike pang'ono, kusiya kachigawo ka coax kakhale counterpoise mwadala. Ambiri amasiya 0.05 ya wavelength, pa 40 mita ndi mamita 2. Kapena siyani choke pa bokosi, koma mulumikize waya wapadera wa kutalika komweko ku mbali ya ground ya transformer. Zonse ziwiri zimachita chinthu chimodzi: inuyo ndiye mukusankha pomwe antena ithere, osati coax kukusankhirani mpaka m'chipinda.

Madala_a_CW:
Apa Amayi mwakhudza chinthu chomwe anyamata ambiri amakhumudwa nacho. Choke si mankhwala a SWR. Nthawi zina ukaiyika SWR imakwera, chifukwa coax ija imathandizira kubisa kuti antena sinadulidwe bwino. Yomwe ukuona choke ilipo ndiyo yeniyeni. Dula waya potsata imeneyo.

Ndipo ngati mukufuna kudziwa kuti vuto lilipo popanda chida chilichonse, onjezerani kachidutswa ka coax ka mita imodzi kapena iwiri. Pa nthambo yabwino SWR sisintha kwenikweni ndi kutalika, kupatula kutsika pang'ono chifukwa cha loss. Ikalumpha, kunja kwa shield kuli moyo.

Watsopano_pa_HF:
Ndiye pa dipole yanga ndiyike kumwamba kapena pafupi ndi wailesi? Pafupi ndi wailesi n'kosavuta, kumwamba kukufunika kutsitsa chilichonse.

Wokonza_Mawailesi:
Tsitsani, achimwene. Yoyamba ikhale pa feedpoint, polumikizira coax ku antena, pomwe karentiyo imakhotera. Mukangoyika pansi pokha, mwateteza tebulo koma coax yonse kuchokera pamwamba mpaka pawindo ikadali mbali ya antena, ikuwulutsa ndiponso ikutola phokoso.

Pali chinanso chomwe chimasokoneza anthu. Karenti yakunjayi siili yofanana ponseponse pa nthambo. Ili ndi malo omwe ndi yaikulu ndi malo omwe ili pafupi ndi ziro, monga pa waya aliyense wa antena. Choke imaluma bwino pomwe karenti ndi yaikulu. Mukaiyika pomwe impedance ili kale masauzande, zomwe mwaonjezerazo sizisintha zambiri. Kutalika nakonso kumalamula. Coax yolumikizidwa ku earth kumunsi, ikakhala theka la wavelength, kumwambako imaoneka ngati njira yotseguka ya impedance yochepa, ndipo karenti imathamangira momwemo. Ikakhala kota, imaoneka yotsekeka. N'chifukwa chake munthu wina amalumbira kuti dipole yake sinafunepo balun, mnzake wa antena yofanana akuwotchedwa milomo. Onse akunena zoona, nthambo zawo n'zosiyana kutalika.

Powerengera zimenezi musagwiritse ntchito velocity factor ya 0.66 yolembedwa pa RG-58. Imeneyo ndi ya m'kati. Kunja kwa shield kuli ngati waya wamba wokutidwa, cha m'ma 0.95.

Komanso coax itsike molunjika kuchoka pa dipole, mopingasa ndi mawayawo, kutalika konse komwe mungathe. Ikayenda motsatana ndi mkono umodzi, antena imaithira karenti kudzera mumlengalenga, pansi pa choke, ndipo choke yakumwambayo singachitepo kanthu.

Wa_NanoVNA:
Ndawerenga zonse, ndipo pempho langa ndi limodzi: tiziyeza. Steve Hunt, G3TXQ, anasiya matchati abwino osonyeza mphete iti, zokulunga zingati, pa band iti, ndipo poyambira ndi abwino. Koma ferrite imasiyana gulu ndi gulu, kakulungidwe ka manja athu nakonso kamasiyana.

Ndi NanoVNA, kachida koyezera impedance, n'zosavuta. Lumikizani shield ya mbali imodzi ya choke ku pini yapakati ya port yoyamba, shield ya mbali inayo ku pini yapakati ya port yachiwiri, ma ground a ma port awiriwo alumikizane ndi waya wamfupi. Waya wapakati wa coax musamukhudze. Chitani calibrate ndi timawaya tomweto, kenako onani S21, muyeso wa siginolo yodutsa kuchokera ku port yoyamba kupita ku yachiwiri. Kutsika kwa 20 dB ndi pafupifupi 900 ohm, 30 dB ndi 3000, 34 dB ndi pafupi ndi 5000. Choke ikhale patali ndi chitsulo ndi manja anu poyeza, chifukwa ma pF awiri atatu okha amasuntha resonance kwambiri. Ngati firmware yanu imaonetsa R (resistance) ndi X (reactance) padera, yang'anani R.

Chida chachiwiri ndimachikonda koposa, chifukwa chimayeza pa antena yeniyeni. Tengani ferrite yopanira, kulungani waya wopyapyala ka 10 pa theka lake, ikani resistor pamapeto ake, kenako diode, capacitor ndi kamita ka singano. Panirani pa coax, ulutsani mawati ochepa, muyende nacho motsata nthambo. Za m'kati zimafafanizana, ndiye singano ikagwedezeka ndi common mode yokhayokha. Mudzaona ndi maso anu ikukwera n'kutsika mukamayenda, ndipo pomwe yakwera kwambiri pafupi ndi polowera m'nyumba ndi pomwe choke yachiwiri iyenera kukhala. Musayeze malo amodzi n'kukhutira, mwina mwapanira pa ziro.

Mayi_wa_QRP:
Ine wa mawati 5 RF siinandiwotchepo, koma ma choke ndili nawo pa antena iliyonse chifukwa cha kumva. Njira yomwe karenti imatsikira poulutsa ndi yomweyo phokoso limakwerera pomvetsera. Machaja a foni, mababu a LED, inveta ya sola, zonsezi zimathira phokoso pa mawaya a m'nyumba, limafika pa bokosi la wailesi, likwera kunja kwa shield mpaka pa feedpoint, n'kulowa m'kati ngati siginolo. Mwakweza antena patali ndi nyumba kuti ithawe phokoso, coax n'kulinyamula kukalipereka komweko. S unit imodzi, pa mita ya wailesi yoyeza mphamvu ya siginolo, ndi 6 dB. Phokoso likatsika ndi ziwiri, masiteshoni omwe simunkadziwa kuti alipo amayamba kumveka. Sindikulonjeza kuti aliyense aona zimenezo. Ngati phokoso likufika pa antena kudzera mumlengalenga, choke silithetsa.

Woyang'anira_Gulu:
Ndikumbutse chinthu chimodzi, popeza pano pali atsopano ambiri. Choke siteteza ku mphezi, ndipo silowa m'malo mwa earth ya magetsi. Wina asachotse waya wa earth pa power supply poganiza kuti akudula njira ya RF. Shield ilumikizidwe ku earth polowera m'nyumba monga mwa malamulo a magetsi a komwe muli, ndipo mvula ya ziphaliwali ikamabwera, zulani coax pa wailesi. Potsitsa ndi pokweza antena yang'anani mawaya a magetsi kaye.

Watsopano_pa_HF:
Akuluakulu, ndabwera ndi zotsatira. Ndapeza FT240-31, ndakulunga RG-58 ka 13, ndaika m'kabokosi kapulasitiki kokhala ndi bowo pansi, ndapachika pa insulator yapakati kuti kulemera kusagwere pa coax. Pa 40 mita mausi sikufanso, ndipo ndikagwira tyuna singano ili phee. Resonance yasunthira m'munsi pang'ono monga Madala ananenera, ndiye ndapinda nsonga za waya m'malo modula. Koma pa 21 MHz, pomwe dipole yomweyi imagwiranso, USB ikudukabe ndikapitirira mawati 50.

Wokonza_Mawailesi:
Mwachita bwino kupinda m'malo modula. Za 21 MHz sizikundidabwitsa. Zokulunga 13 pa mix 31 zili pachimake cha m'munsi, kumtundako capacitance yayamba kudya impedance. Komanso pa 15 mita (21 MHz) coax yanu ndi yaitali kuwirikiza katatu mukaiwerenga mu wavelength, ndiye ikhoza kutola karenti yokha kuchokera ku antena ngakhale kumwamba kuli kotseka. Yakumwambayo musaikhudze. Pangani yachiwiri pa FT240-43, zokulunga 10 mpaka 12, motalikirana bwino kuti poyambira pasayandikane ndi pothera, muyike panja coax isanalowe m'nyumba. Kenako nthambo ya USB ija muidutsitse kangapo mu ferrite monga Amayi ananenera.

Wa_NanoVNA:
Musanakhomere yachiwiriyo, yendani ndi kamita kopanira pa 21 MHz, mawati 5 akwana. Pa band imeneyi kuchoka pomwe karenti ili pachimake kufika pomwe ili ziro ndi mamita atatu ndi theka okha, ndiye kusuntha choke ndi mita imodzi kapena iwiri kumasintha zambiri. Mutiuzenso kuti coax yanu ndi yaitali mamita angati kuchokera pa feedpoint kufika pa earth, ndi mbali yomwe ikutsikira poyerekeza ndi mikono ya dipole.